Kodi ubwenzi woyambira pa makatuni ndi wodalirika?

Mayi Nabanda, Rosettenville

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumatsatira za makatuni, chifukwa ine sindinakule nazo. Ndikusunga mwana wa mng'ono wanga, mnyamata wa zaka 17, amene anabwera kuno ku Johannesburg kudzapitiriza sukulu. Ndi mwana wofatsa ndipo m'kalasi akuchita bwino, koma anzake onse amene amawatchula ndi a gulu lokonda makatuni a ku Japan, aja amati anime, ndipo tsopano akupempha kuti apite nawo ku Comic Con Africa atavala ngati munthu wa m'katuni ina. Akuti akhala akusonkherana ndalama ndi kusoka zovala kwa miyezi ingapo. Kodi ubwenzi wotere ungakhale wodalirika, kapena ndi chibwana chimene chingomudyera ndalama ndi nthawi ya maphunziro? Mayi ake ali ku Dedza, ndipo ndikufuna kuti powauza ndikhale ndikudziwa chimene ndikunena.

A Mwale, Midrand

Mayi Nabanda, mwachita bwino kufunsa musanakane kapena kuvomera. Ndiyambe ndi kufotokoza chimene mnyamatayo akufuna kukaona. Comic Con Africa inachitika koyamba mu Seputembala 2018 ku Kyalami, pa malo aja a mipikisano ya magalimoto. Chaka chotsatira inasamukira ku Gallagher Convention Centre kuno ku Midrand, kenako mliri wa Covid-19 unaimitsa misonkhano ya pamasom'pamaso, ndipo mu 2022 inayambiranso ku Johannesburg Expo Centre ku Nasrec, moyandikana ndi bwalo la mpira la FNB, kumene si kutali kwenikweni ndi kwanuko. Imatenga masiku angapo. M'kati mwake muli malo amene makampani amagulitsa mabuku a nkhani za zithunzi ndi zidole, malo a masewera a pa kompyuta, mabwalo amene akatswiri a zisudzo ndi anthu amene mawu awo amamveka m'makatuni amayankha mafunso, mizere ya matebulo a ojambula odziimira paokha, komanso mpikisano wa ovala ngati anthu a m'makatuni, umene amautcha cosplay.

Pa funso lanu lenileni, ine ndikuona kuti katuni payokha sipanga ubwenzi, popeza anthu miyandamiyanda amaonera katuni imodzimodzi koma osadziwana. Chimene katuni imachita ndi kupatsa anthu awiri osadziwana poyambira nkhani, ndipo kwa mwana wobwera, amene sanazolowere Chizulu kapena Chisotho ndiponso mwina amachita manyazi ndi Chingerezi chake, chimenechi si chinthu chaching'ono. Ine nditangofika m'dziko lino, anzanga a kuntchito ankakamba za ndale ndi matimu a mpira amene sindinkawadziwa, moti ndinkangokhala duu. Munthu woyamba kundiitanira kunyumba kwake anali mnyamata wa ku Soweto amene anaona chithunzi cha Dragon Ball pa foni yanga, chifukwa iye anakula akuonera katuni imeneyo pa SABC 2 akaweruka kusukulu. Tinayamba ndi kutsutsana za anthu a m'nkhaniyo, koma pambuyo pake ndi iyeyo amene anandithandiza kupeza nyumba ya lendi. Choncho musayang'anitsitse chimene anawo amaonera, koma chimene amachitirana. Mwanena kuti akusonkherana ndalama kwa miyezi, ndipo ana amene angasunge thumba limodzi nthawi yonseyo osayambana ali kale ndi chikhulupiriro pakati pawo.

A Chirwa, Blantyre

Ine ndikusiyana pang'ono ndi a Mwale, ngakhale kuti makatuni ndimawakonda kuyambira ndili wamng'ono. Ife amene tinakulira ku Ndirande ndi ku Zingwangwa tikukumbukira kuti Television Malawi inayamba mu 1999, ndipo nthawi imeneyo nyumba zokhala ndi kanema zinali zowerengeka. Ana a dera lonse tinkadzazana pa simenti m'nyumba ya munthu mmodzi, ena akusuzumira pa windo, ndipo katuni ikatha tinkatuluka kukajambula anthu ake kumapeto kwa makope a sukulu kapena kuwaumba ndi dothi. Ubwenzi umenewo sunkafuna tikiti.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa misonkhano ikuluikuluyi n'chakuti ndi misika. Munthu amalipira pakhomo, akalowa amalipira chakudya, akafuna kujambulitsa ndi munthu wotchuka amalipiranso. Mwana wa anthu ochita bwino amatuluka atanyamula majumbo, pamene mnzake amene anangokwanitsa tikiti yokha amatuluka chimanjamanja, akudziona kuti ndi wotsalira. Sindikunena kuti mnyamatayo asapite, koma sindikuvomereza kuti malo otere amalimbitsa ubwenzi, chifukwa kawirikawiri ndi pamene kusiyana kwa opeza ndi osapeza kumaonekera poyera.

Mayi Nazimbiri, London

Achimwene a Chirwa, zimene mwanena za mitengo n'zoona, ndipo kuno n'chimodzimodzi. MCM Comic Con imachitika kawiri pa chaka, mu Meyi ndi mu Okutobala, ku ExCeL kum'mawa kwa mzinda uno, ndipo munthu wosadziletsa angawononge malipiro a sabata yathunthu kumeneko. Koma mwangoyang'ana masiku a msonkhanowo, pamene kwa ife ovala cosplay masiku amenewo amakhala mapeto chabe a ntchito imene inayamba miyezi yambiri m'mbuyo.

Ine ndinaphunzira kusoka kwa agogo anga ku Balaka, pa makina opalasa ndi phazi, ndipo luso limenelo ndi limene landipezera anzanga kunja kuno. Chovala cha munthu wa m'katuni sichipezeka bwinobwino m'sitolo, ndipo chikapezeka chimakhala chodula koma chosalimba. Wojambula katuni salabadira kuti kolala imene wajambula ingaime bwanji pa khosi la munthu weniweni, kapena kuti lupanga lotalika kuposa mwini wake linganyamulidwe bwanji tsiku lonse. Ovalawo amayenera kudzipezera okha njira. Wina amadziwa kudula nsalu, wina amadziwa kutenthetsa ndi kupinda siponji yolimba ya EVA mpaka kuoneka ngati chitsulo, wina amatha kukonza wigi kuti tsitsi liime monga lilili pa chithunzi, winanso ali ndi kamera yabwino. Palibe amene amadziwa zonse, ndipo pa ntchito imeneyi mutu umodzi susenzadi denga. M'gulu lathu muli namwino wa ku Philippines, mphunzitsi wa ku Poland ndi ophunzira awiri a sukulu ya ukachenjede obadwira konkuno, ndipo timakumana Loweruka pabalaza pa mmodzi wa ife, aliyense atabweretsa chakudya cha kwawo. Munthu amene wakhala nawe pansi mpaka usiku akusokerera mikanda pa mkanjo umene iye sadzavala, umamudziwa mtima wake kuposa amene umangopatsana naye moni pamsewu zaka zonse.

Pa tsiku la msonkhano lenilenilo, ine ndimasangalala kwambiri ndi sitima ya m'mawa yopita ku Custom House, siteshoni ya pafupi ndi ExCeL, imene imadzaza ndi anthu ovala mochititsa chidwi, ndiponso mzere wa pakhomo, umene nthawi zina umachedwa kwambiri. Pa mzerepo anthu amabwerekana singano, mapini ndi guluu, chifukwa pafupifupi chovala chilichonse chimasosoka penapake mwini wake asanalowe. Anzanga ambiri amene ndili nawo lero ndinawadziwira pa mzere umenewu, pamene palibe amene amagulitsa kanthu.

Mayi Nabanda, Rosettenville

Zikomo kwambiri nonse. Nkhawa yanga ina ndi ya chitetezo. Ena mwa anzakewo amawadziwa kusukulu, koma ena anawadziwira pa intaneti ndipo sanaonanepo maso ndi maso. Ndaonanso zithunzi za atsikana akujambulidwa ndi anthu achilendo pa misonkhano imeneyi, ndipo m'gulu lawo muli atsikana awiri amene makolo awo ndimapemphera nawo mpingo umodzi.

Mayi Nazimbiri, London

Mayi, nkhawa imeneyo ndi yoyenera ndipo musaipeputse. Misonkhano yambiri ikuluikulu ili ndi malamulo olembedwa oletsa kuvutitsa ena, ndipo pamakhala zikwangwani zokumbutsa anthu kuti munthu akavala cosplay sindiye kuti walola kugwidwa kapena kujambulidwa. Mwambo wake ndi wopempha kaye usanajambule munthu, ndipo akakana umamusiya. Zida zongoyerekezera monga malupanga ndi mfuti zimayang'anidwa pakhomo, ndipo zakuthwa siziloledwa. Malamulowa anabwera chifukwa mavuto analipo, ndipo mavutowo sanatheretu. Pa msonkhano wina, bambo wina ankatsatira mtsikana wa m'gulu lathu akumujambula mobisa, ndipo chinamuthandiza mtsikanayo n'chakuti sanali yekha, popeza awiri anaima naye pamene wachitatu anathamanga kukaitana alonda.

Ndiye anawo ayende pagulu, agwirizane malo okumanirana wina akasowa, mafoni akhale ndi moto wokwanira, ndipo pakhale munthu wamkulu mmodzi wowaperekeza. Za anzake a pa intanetiwo, n'kwabwino kuti akumane koyamba pa msonkhano kusiyana ndi kunyumba kwa munthu, chifukwa ndi pagulu ndiponso masana. Chimene musalole ndi zisangalalo za usiku zimene anthu ena amakonza paokha m'malo omwera mowa msonkhano ukatsekedwa. Muwerengenso malamulo a chaka chimenecho okhudza ana osakwana zaka 18 musanagule tikiti.

A Gondwe, Cape Town

Ndibwerere pa mfundo ya a Chirwa yoti misonkhanoyi ndi misika. Mbiri yake imasonyeza kuti amene anaiyambitsa ndi okonda zinthuzi, ndipo makampani anabwera pambuyo. Msonkhano wa ku San Diego ku America, umene masiku ano umasonkhanitsa anthu oposa 130,000, unayamba mu 1970 ndi kagulu ka okonda mabuku a nkhani za zithunzi, ambiri a iwo achinyamata, ndipo kunafika anthu pafupifupi 300 m'chipinda chapansi cha hotela ya U.S. Grant. Za ku Japan n'zochititsa chidwi koposa. Msonkhano wa kumeneko wotchedwa Comiket unayamba mu Disembala 1975 ndi magulu 32 ogulitsa ndi anthu pafupifupi 700, ndipo mu Disembala 2019 chiwerengero cha olowa pa masiku anayi ku Tokyo Big Sight chinafika 750,000. Ngakhale wakula chonchi, zambiri zogulitsidwa kumeneko ndi timabuku tojambulidwa ndi kusindikizidwa ndi okonda makatuni eniake, kawirikawiri munthu mmodzi kapena kagulu ka anzake ochepa, ndipo ntchito yoyendetsa khamu lonselo imagwiridwa makamaka ndi anthu ongodzipereka. Mfundo imene amayendera ndi yoti aliyense wolowa ndi wotenga nawo mbali, osati kasitomala.

Choncho pali malonda a makampani ndi malonda a anthu opanga zinthu ndi manja awo, ndipo onse amapezeka m'holo imodzi. Kuno kwathu, kumene Comic Con Cape Town inayamba mu Epulo 2023 ku holo yaikulu ya misonkhano ya CTICC, ine nthawi yambiri ndimathera pa mizere ya ojambula. Munthu wokhala pa tebulo lake ndi zithunzi zimene wajambula yekha amakondwa ukamufunsa kuti anaphunzira bwanji, ngakhale usagule kanthu. Mwana wa Mayi Nabanda akapita ndi ndalama zochepa, akathere tsiku kumeneko ndipo sadzadziona wotsalira.

A Tembo, Lusaka

Ndiwonjezere mbali imene imatikhudza ife a chigawo chino cha Africa. Kwa zaka zambiri tinali oonera chabe, ndipo mwana wakuda akafuna kuvala ngati munthu wa m'katuni ankasankha wa ku Japan kapena wa ku America, n'kumalandira ndemanga zopweteka zoti khungu lake silikugwirizana ndi chovalacho. Zinthu zayamba kusintha. Mu Julayi 2023 Netflix inatulutsa Supa Team 4, katuni imene anaiyambitsa ndi Malenga Mulendema wa kuno ku Zambia, yonena za atsikana anayi a sukulu okhala mu Lusaka wa m'tsogolo, ndipo inapangidwa mothandizana ndi Triggerfish, kampani yopanga makatuni ya ku Cape Town. Mulendema anali mmodzi mwa osankhidwa pa mpikisano wa nkhani wa Triggerfish mu 2015, choncho panadutsa zaka 8 kuti maganizo ake afike pa kanema. Mu 2024 kunatulukanso Iwájú, yonena za mzinda wa Lagos, imene Disney inapanga pamodzi ndi kampani ya Kugali.

Ndinaona ndekha mmene ana a mlongo wanga anasinthira ataona tsitsi longa lawo ndi dzina la mzinda wawo m'katuni. Anasiya kungofunsa kuti gawo lotsatira lituluka liti, n'kuyamba kufunsa kuti katuni imapangidwa bwanji. Ojambula ambiri amene ndikuwadziwa anayamba ngati oonera wamba, ndipo munthu woyamba kuwauza kuti ali ndi luso, kapena kuwadzudzula kuti dzanja lija lajambulidwa mopotoka, anali mnzawo wa m'gulu. Mnzako amene angakuuze chilungamo pa ntchito yako popanda kukugwetsa ulesi ndi wosowa, ndipo magulu a okonda makatuni ali nawo anthu otere.

A Chirwa, Blantyre

A Gondwe ndi a Tembo, mfundo zanu ndazimva, makamaka ija yoti oonera amasanduka opanga. Koma taonani kuti ambiri amene mukuyamikira misonkhanoyi mukukhala m'mizinda imene imachitikira. Mnyamata wa ku Chilomoni amene akufuna kukafika ku Nasrec ayenera kukhala ndi pasipoti, ndalama ya basi yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ulendo woposa tsiku lathunthu, kenako malo ogona ndi tikiti yolowera. Kwa ambiri zimenezi n'zosatheka. Ndaona magulu a pa WhatsApp akugawikana pa chifukwa chomwechi, popeza amene anapita amabwera ndi zithunzi ndi nkhani zimene otsala sangathe kulowererapo, ndipo pang'onopang'ono otsalawo amangokhala chete. Kuno kwathu ubwenziwu umayenda m'njira ina. Anyamata amasonkha ndalama ya bandulo, n'kuonera limodzi pa laputopu imodzi magetsi akakhalapo, ndipo akazima amakhala pakhonde n'kumatsutsana za zimene aonera. Ndikufuna tivomereze kuti umenewunso ndi ubwenzi wokwanira, sukudikirira tsiku lodzapita ku Joni.

A Mwale, Midrand

Ndikuvomereza ndi mtima wonse, achimwene, ndipo munthu amene sanapiteko ku msonkhano sanaperewere kanthu pa kukonda kwake makatuni. Akira Toriyama, mlembi wa Dragon Ball, atamwalira mu Malichi 2024 ali ndi zaka 68, uthenga ndinaumva kwa mnzanga wa ku sekondale amene ali ku Kasungu, amene tinali titatalikirana kwa nthawi yaitali, ndipo tsiku limenelo tinayambiranso kulankhulana. Nkhani ya Dragon Ball inayamba kusindikizidwa ku Japan mu 1984, ambiri a ife tisanabadwe, koma imfa ya mlembi wake inasonkhanitsa anthu ngakhale m'misewu ya ku Buenos Aires ku Argentina, popanda wolipiritsa pakhomo.

Muyeso umene ine ndimagwiritsa ntchito ndi uja wa kwathu, wa matenda ndi maliro. Mmodzi wa m'gulu lathu la kuno, wa ku Zimbabwe, bambo ake atamwalira, ife amene tinadziwana chifukwa cha makatuni ndife tinasonkha ndalama ya ulendo wake wopita ku Mutare, ndipo ena anamuperekeza mpaka pokwerera mabasi ku Park Station usiku. Panalinso ena amene ankabwera ku msonkhano chaka ndi chaka atavala mokongola, koma pa nthawi ya zovutayo sanaoneke. Anthu a mitundu iwiri yonseyi amapezeka m'magulu amenewa, ndipo mnyamata wa zaka 17 ayenera kuphunzira kuwasiyanitsa. Mayi Nabanda, muwaitane anzakewo kuti tsiku lina adzasokere kwanu, muwaphikire nsima, ndipo muone mmene amalankhulirana, mmene amasamalirira zinthu za eni ndi mmene amachitira ndi amene sanasonkhe mokwanira.

Mayi Nabanda, Rosettenville

Zimenezo ndichita, popeza makina osokera ndili nawo pakhomo. Ndilankhulanso ndi makolo a atsikana aja kuti mmodzi wa ife adzawaperekeze.

Mayi Nazimbiri, London

Achimwene a Chirwa, dandaulo lanu la otsala kumudzi landikhudza, koma ndikuona kuti muli ndi mwayi umene ife kuno tilibe. Kuno kusoketsa chovala kwa telala ndi kodula kwambiri, n'chifukwa chake timavutika tokha, pamene ku Limbe kapena ku Ndirande matelala ali pa khonde lililonse, ndipo ukawaonetsa chithunzi amatha kusoka chinthu chimene sanachionepo. Pa kaunjika pamapezeka majekete, malamba ndi nsapato zimene zimangofunika kusintha pang'ono. Makatoni, mawaya ndi penti siziperewera, ndipo ana amene amapanga magalimoto a mawaya sangalephere kupanga chisoti cha msilikali wa m'katuni. Kamsonkhano ka tsiku limodzi m'holo ya sukulu, kokhala ndi matebulo a ojambula ndi mpikisano wa zovala, n'kotheka.

A Chirwa, Blantyre

Maganizo amenewo ndawakonda, koma pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Choyamba, kuonetsa katuni pagulu, makamaka molipiritsa, kumafuna chilolezo cha eni ake, choncho ndi bwino kusiya zoonetsa makatuni a makampani n'kuika mtima pa zojambula ndi zovala za anthu athu, ndipo za nyimbo zoimbidwa pa malowo tingakafunse ku COSOMA, bungwe loteteza ufulu wa eni ntchito za luso ku Malawi. Chachiwiri, ine ndingakonde kuti pakhomo pakhale paulere, chifukwa tikayamba kulipiritsa tidzabwereza vuto lomwe lija ndimadandaula.

A Tembo, Lusaka

Pa zaulerezo ndikusiyana nanu, a Chirwa. Holo imalipiridwa, mipando ndi zokuzira mawu zimabwerekedwa, ndipo magetsi akazima pamafunika jenereta ndi mafuta ake. Ngati pakhomo ndi paulere, ndalama zimenezi zidzachokera kwa ojambula kudzera pa mtengo wa matebulo, pamene ojambulawo ndi amene alibe kanthu ndiponso ndi amene tikufuna kuwalimbikitsa. Ine ndingakonde kuti akuluakulu alipire kangachepe pakhomo, ana a sukulu ndi onse obwera atavala cosplay alowe ulere, ndipo wojambula apatsidwe tebulo popanda kulipira chaka choyamba. Yambani mwafunsa mtengo wa holo ya sukulu imodzi kapena ziwiri za ku Blantyre konko, kuti tikambirane tikudziwa kuchuluka kwa ndalama zofunika.